Ngati madontho a poliyo adafika pakhomo, katemera winayo amatsalira kuti?

Pa 18 Meyi 2022 kudamveka nkhani yoti mwana wina wa ku Changara, m'chigawo chathu chino cha Tete, wapuwala ndi poliyo wa mtundu wakale uja, amene dziko la Mozambique lidamuona komaliza mu 1992. Mu Febuluwale chaka chomwecho anzathu a ku Malawi anali atalengeza za kamtsikana ka zaka zitatu ka ku Lilongwe, ndipo akatswiri atakafufuza kachilomboko adapeza kuti kwawo ndi ku Pakistan. Pomwe chaka chinkatha, ana 8 a m'chigawo chino anali atagwidwa nako.

Zimene zidatsatira palibe wa kuno amene angaziiwale. Achinyamata atakoleka timabokosi ta ayezi paphewa adalowa mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo: madontho awiri m'kamwa mwa mwana, inki pakachala, choko pachitseko, n'kupita nyumba ina. Adaima m'misika, pamatchalitchi, pokwerera chapa, ndi pazipata za malire. Adabwera, adabweranso, n'kubweranso, mpaka amayi ena kuyamba kufunsa ngati madonthowo sachuluka m'thupi mwa mwana. Mafuta a njinga zamoto adapezeka. Ayezi adapezeka. Midzi imene ngakhale ofuna mavoti saipondako idalembedwa papepala n'kufikiridwa. M'maiko asanu, Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ana oposa 50 miliyoni adalandira madonthowo, ndipo mu Meyi 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti mliriwo watha.

Ntchito imeneyo ndimaiyamikira ndi mtima wonse. Koma kwa zaka zambiri takhala tikuuzidwa kuti katemera amavuta kufika kwa anthu ngati ife chifukwa misewu njoipa, magetsi kulibe, mafiriji ngochepa, ndipo anthu ake ngokanika. Misewu ya 2022 inali yomweyi. Mlatho wa pa Revúbuè unali utangogumuka kumene ndi namondwe Ana mu Januwale. Dzuwa la m'chigwa cha Zambezi linali lomweli. Anthu anali omwewa. Nanga madonthowo adadzera pati?

Kuyambira 1988 dziko lonse lapansi lakhala pa ntchito yothetseratu poliyo, ndipo ndalama zimene zalowapo ndi mabiliyoni a madola. Mwana mmodzi wopuwala ku Changara akuopseza ntchito yonseyo, akuopsezanso mwana wa ku London ndi wa ku New York. Nthenda ikaopsa eni ndalama, njira imapezeka. Pamene ndaima ine ndi apa: mtunda, dzuwa ndi matope ndi mavuto enieni, ndipo ndiwafotokoza, koma si iwo amene amasankha wobayidwa lero ndi wodikira chaka chamawa. Amasankha ndi anthu, ndipo mpaka pano akhala akuyang'ana m'thumba mwa wodwala.

Tidazionera poyera nthawi ya Covid-19. Pa 8 Disembala 2020 gogo wa zaka 90, Margaret Keenan, adabayidwa ku Coventry ku England, woyamba kulandira katemera wa Pfizer kunja kwa kafukufuku. Pa 18 Januwale 2021 mkulu wa WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, adauza msonkhano kuti m'maiko 49 opeza bwino anali atabaya kale kokwana 39 miliyoni, pamene m'dziko lina losaukitsitsa adangobaya 25. Adachita kubwereza kuti sakunena 25 miliyoni kapena 25,000, koma 25 basi. Kwathu kuno ndege yoyamba idatera ku Maputo pa 24 Febuluwale ndi katemera 200,000 wa Sinopharm, mphatso yochokera ku China, m'dziko la anthu oposa 30 miliyoni. Popeza munthu ankabayidwa kawiri, ameneyo anali wa anthu 100,000. Kubaya kudayamba pa 8 Malichi, tsiku lomwe kudafika wina 384,000 wa COVAX, mgwirizano wa maiko wogawana katemera. Nthawi imeneyo dziko la Canada linali litasungitsa kumakampani katemera wokwanira anthu ake onse kuwirikiza kasanu.

COVAX ija inali nzeru yabwino. Mabungwe oona za katemera a Gavi ndi CEPI, komanso WHO, pamodzi ndi UNICEF yonyamula katundu, adati maiko asonkhe, agule limodzi, kenaka agawane, dziko lililonse lipeze wokwanira anthu 20 pa 100 alionse, kuyambira azaumoyo ndi okalamba. Ankafuna kugawa 2 biliyoni chisanathe chaka cha 2021. Maiko olemera adavomera mgwirizanowo masana, usiku n'kukapangana paokha ndi makampani. COVAX polowa mumsika idapeza katundu atagulidwa asanapangidwe n'komwe, ndipo idatsala kudalira kwambiri fakitale imodzi, Serum Institute ya ku India. Mliri utafika poipa ku India mu Malichi ndi Epulo 2021, boma lakumeneko lidatseka chipata, katundu osatulukanso mpaka chakumapeto kwa chaka. Funde lachitatu lidatipeza m'miyezi yozizira ya chaka chimenecho tili chimanjamanja. COVAX idakwanitsa 1 biliyoni mu Januwale 2022, theka la lonjezo lija.

Pali mayankho amene anthu oganiza bwino amapereka, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Loyamba nlakuti boma lililonse lili ndi ngongole kwa nzika zake poyamba: misonkho yawo ndiyo idalipira kafukufuku, mavoti awo ndiwo adaika mtsogoleriyo pampando. N'zoona, ndipo wathu akadakhala ndi katemera n'kuyamba watumiza kunja ife tikufa, tikadamuzenga mlandu. Koma ngongoleyo ili ndi polekezera. Kubaya namwino wako ndi gogo wako usanapatse ena, palibe angakudzudzule. Kuyamba kubaya kachitatu mnyamata wathanzi wa zaka 25 pamene gogo wodwala shuga wa kumudzi ku Macanga sanabayidwe n'kamodzi komwe, umenewo ndi umbombo. Mu Ogasiti 2021 WHO idapempha maiko olemera kuti aimitse kaye jakisoni wachitatu kwa miyezi iwiri yokha, kuti dziko lililonse lifikeko pa anthu 10 pa 100. Sadamvere.

Yankho lachiwiri nlolimba kuposa loyambali. Akuti Covid-19 inkapha kwambiri okalamba, ndipo okalamba achuluka ku Italy ndi ku Japan, pamene kuno pafupifupi theka la anthu ndi ana osafika zaka 18. Kugawa powerenga mitu ya anthu, momwe COVAX inkafunira, kukadatumiza katemera kumene sakadapulumutsa miyoyo yambiri. Akatswiri ena adalemba zimenezi mu 2020, kuti muyeso ukhale imfa zimene zingapeweke. Ine ndikuvomera. Katemera azipita kumene nthenda ikupha. Koma muyeso umenewu tikautenga, tiutenge pa nthenda zonse.

Kolera sapha ku Italy. Amapha ku Nsanje, ku Quelimane, ndi kuno m'mphepete mwa Zambezi. Kuyambira 2022 mpaka 2023 Malawi idaona mliri wa kolera woipitsitsa m'mbiri yake, anthu oposa 1,700 n'kumwalira, ndipo kuno nakonso udafalikira zigawo zambiri, Tete yomwe, namondwe Freddy n'kudzathira mafuta pamoto. Katemera wa kolera alipo, ngwakumwa, safuna singano, ndipo sadula. Koma mu Okutobala 2022 gulu losunga nkhokwe ya dziko lonse lidalengeza kuti lasiya kupereka kawiri monga zimafunikira, aliyense azimwa kamodzi, chifukwa katemerayo wachepa. Imodzi mwa makampani awiri amene ankadzaza nkhokweyo, ya ku India koma mwini wake Sanofi ya ku France, inali ikusiya kupanga. Idatsala EuBiologics ya ku South Korea yokha. Kumayambiriro kwa 2024 nkhokweyo idauma. Dziko lomwe lidapanga katemera wa Covid-19 woposa 10 biliyoni mu 2021 mokha lidalephera kupanga wa kolera wokwanira. Chifukwa chake sichobisika. Wodwala kolera ndi uja amamwa madzi a pamtsinje, ndipo kampani sim'werenga ngati kasitomala.

Nkhani ya malungo ndiyo imandiwawa koposa, chifukwa ana a dziko lino adaperekapo mikono yawo. Katemera woyamba wa malungo, RTS,S, adayesedwa ku Manhiça, kumpoto kwa mzinda wa Maputo. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2004, zochokera kwa ana pafupifupi 2,000 akumeneko, ndizo zidaonetsa kuti chinthuchi chingateteze mwana wa mu Africa. Kupereka moyeserera m'zipatala kudayamba mu 2019 ku Malawi, Ghana ndi Kenya, WHO n'kuvomereza mu 2021. Zaka 17 kuchokera pa zotsatira za ku Manhiça, pamene wa Covid-19 sadatenge ndi chaka chomwe. Ndikudziwa kuti tizilombo ta malungo n'tochenjera kuposa kachilombo ka Covid, ndipo katemerayu amateteza pang'ono chabe poyerekeza ndi wa chikuku. Koma kuvuta kwa sayansi sikungafotokoze zimene zidachitika pambuyo pake. Mu Julayi 2023, pogawa 18 miliyoni oyamba ku maiko 12, dzina la Mozambique silidalipo, ngakhale tili m'gulu la maiko ochepa amene malungo amasautsa kwambiri padziko lonse. Tidayamba mu Ogasiti 2024, ku Zambézia, ndi katemera wina, R21. Mwana amene adabayidwa pa kafukufuku wa ku Manhiça anali atakula, mwina ali ndi wakewake kumsana.

Mpox, nthenda ya zotupa pakhungu, nayo chimodzimodzi. Yakhala ikuvuta ku DR Congo zaka makumi angapo. Itafika ku Ulaya ndi ku America mu 2022, katemera adapezeka m'masabata ochepa. Ku Congo woyamba adafika mu Seputembala 2024. Ndiye onani mmene zilili: nthenda ikakhala ya tonse, oyamba ndi amene alipira msanga, ikakhala yathu yokha, wopanga amasowa. Muyeso uja wa kumene kukufa anthu umakumbukika pokhapo ukukomera iwo.

Ena otifunira zabwino ankanyengerera anzawo ndi mfundo ina. Ankati abayeni anthuwo, kuopera kuti kachilombo kangasinthe kumeneko n'kubwerera kuno. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mfundoyo njoona ndipo idatsegulako zikwama zina. Koma ine ndimaiopa, chifukwa imatiwerenga monga chiopsezo. Imagwira ntchito pa poliyo ndi pa Covid, nthenda zokwera ndege. Pa malungo ndi kolera ilibe chonena. Ngati mwana wa ku Chifunde ayenera kutetezedwa pokhapokha nthenda yake ingawoloke nyanja, ndiye kuti nthenda zimene zikutimaliza zenizenizo zidzakhala kumapeto kwa mzere mpaka kalekale.

Tsopano za mphatso. Chakumapeto kwa 2021 maiko olemera atakhuta adayamba kutumiza zotsala, nkhani n'kudzaza ndi zithunzi za nduna ndi akazembe pabwalo la ndege. Mlimi wa ku Angónia akudziwa kuti feteleza wofika chimanga chitamasula safanana ndi wofika chili m'mawondo, ngakhale thumba lake ndi lomwelo, kulemera komweko. Chenjezo lidaoneka msanga kwa anzathu a ku Malawi. Adalandira katemera 102,000 wa AstraZeneca kudzera ku African Union pa 26 Malichi 2021, tsiku lake lotha ntchito lili 13 Epulo. Masiku 18. Adathamanga naye n'kubaya pafupifupi 80 pa 100, koma 19,610 adatsala, ndipo pa 19 Meyi adamutentha poyera ku Lilongwe. Kunja nkhaniyo idamveka ngati ya anthu okana katemera. Mu Disembala Nigeria idawononga woposa 1 miliyoni, ndipo UNICEF idati mwezi umenewo wokha maiko osauka adakana woposa 100 miliyoni, makamaka chifukwa anali pafupi kutha ntchito. Kwa wopereka zonsezi zidalembedwa m'buku la chifundo.

Kuno kumalire timamvera wailesi za ku Malawi, ndipo mbiri ya katemera wotha ntchito idafika m'midzi msanga kuposa katemerayo. Amene ankanena kuti Azungu akutitayira zoola adapeza umboni waulere. Komabe katemera atayamba kubwera wokwanira, anthu adapita kukabayitsa. Mu 2022 boma linkanena kuti akuluakulu oposa 90 pa 100 alandira. Kukanika kuja kumene ankatinenera kunali, kwakukulukulu, kusowa.

Wotumiza katundu wa masiku 18 sadziwa ulendo wa kabotolo. Kakatera ku Maputo kamalowa m'chipinda chozizira, kenaka kayende makilomita oposa 1,500 kufika mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limapyola madigiri 40. Kuchoka apo kapite ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Fingoè, ku Zumbo; kuchoka apo kuchipatala chaching'ono; kenaka m'kabokosi kumbuyo kwa njinga yamoto ya brigada yoyendera midzi. Ulendo wonsewo kayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kakatentha, kafa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kena kakaundananso kafa: katemera wa kafumbata ndi uja wa matenda asanu amaonongeka akagundana ndi ayezi wouma gwa, n'chifukwa chake namwino amayamba watulutsa ayeziyo kuti achite thukuta asanalongedze. Pa timabotolo tambiri pamakhala kachizindikiro, kabokosi koyera mkati mwa kabwalo kodera. Kutentha kukachuluka kabokosiko kamada, ndipo kakafanana mtundu ndi bwalolo, basi, nkotaya. Wa Pfizer poyamba ankafuna kuzizira kwa madigiri 70 kunsi kwa ziro, firiji imene chipatala cha kumudzi sichidaionepo.

Ndiye pali masamu a tsiku la sikelo. Katemera wa chikuku amabwera m'kabotolo ka ana 10, ndipo akangosungunulidwa ayenera kutha pasanathe maola 6. Namwino wayala buku lake pansi pa mtengo, mvula yagwa usiku wonse, mtsinje wadzaza, pafika amayi atatu okha. Atsegule n'kutaya wa ana asanu ndi awiri, kapena awauze kuti adzabwere ulendo wina? Malangizo amati tsegulani ngakhale mwana ali mmodzi. Koma namwino amene akudziwa kuti mufiriji mwatsala timabotolo tiwiri, ndipo tsiku lobwera galimoto silikudziwika, dzanja limamulemera. "Amayi, mudzabwere Lachitatu linalo." Mayi amene wayenda maola atatu mwana ali kumsana, nyengo yake ili yopalira, Lachitatu linalo sabwera. M'lipoti adzalembedwa ngati kholo losasamala.

Ana ambiri osabayidwa amabadwira pamenepo, pa kusadziwa tsiku lofika katundu. Chimene chipatala cha kumudzi chimafuna kwa wopereka ndi kudziwiratu kuti kukubwera chiyani, liti, chatsala ndi miyezi ingati, ndiponso ngati masirinji ndi ndalama ya mafuta zili pamodzi. Mphatso yodzidzimutsa imachotsa namwino yemweyo pa sikelo ndi pa amayi oyembekezera kuti athamange ndi katundu asanaole, ndipo firiji yake ndi imodzi yomweyo.

Apa tisathawe mbali yathu. Mtunda wotsiriza, wochoka mumzinda wa Tete kukafika pamkono wa mwana, a ku Geneva, kulikulu la WHO ndi Gavi, sangatiyendere. Chigawo chino chili ndi damu la Cahora Bassa, lotulutsa mamegawati 2,075, magetsi ake ambiri n'kumapita ku South Africa pa nthambo zodutsa pamwamba pa midzi yamdima. Malasha a ku Moatize amakwera sitima, kudutsa m'Malawi mpaka kudoko la Nacala. Chigawo chotere sichiyenera kukhala ndi chipatala chimene firiji yake ikafa imadikira wachifundo wakunja. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ambiri, ife tomwe, sitikufikapo.

Chimene timadandaula kwa olemera timachichitanso kwa abale athu. Katundu akachepa, mkulu wa zaumoyo amayesedwa ndi chiwerengero, ndipo chiwerengero chimakwera msanga mumzinda ndi ku Moatize, kumene namwino angabaye anthu ochuluka tsiku limodzi osatentha ndi lita imodzi yomwe ya petulo. Mwana wa kuseri kwa mapiri a Marávia, kapena wa m'madoko a asodzi pa nyanja ya Cahora Bassa, amadya tsiku lathunthu, mafuta ambiri, mwinanso bwato. Pa masamu a ndalama ngwodula. Koma ndi yemweyo amene chikuku chikamugwira chipatala chili kutali, ndiye kuti katemera kwa iye ngwofunika kuposa kwa wa mumzinda. Ngati tikufuna kuti dziko litiyeze ndi kusowa kwathu, nafenso pogawa tiziyambira kutali. Mapepala a kampeni ya poliyo, olemba mudzi uliwonse, mfumu yake, ana ake ndi njira yofikirako, adalembedwa kale, ndipo sayenera kugona m'kabati. Mwana amene adachita kusakidwa kuti alandire madontho kawirikawiri ndi yemweyo amene khadi lake lili ndi mipata.

Palinso nkhani ya malire, imene a ku Maputo ndi a ku Lilongwe amaiona ngati yaing'ono. Ku Lizulu ndi ku Biriwiri msewu ndiwo malire: mbali iyi Mozambique, mbali iyo Malawi, koma msika umodzi, maliro amodzi, gule mmodzi. Mayi wa ku Tsangano amapita kuchipatala chimene chamuyandikira, ndipo pali ana okhala ndi makadi awiri, lina la Chipwitikizi lina la Chingerezi, jakisoni wina uku wina uko. Katemera amagawidwa powerenga kalembera wa dziko lililonse, choncho chipatala cha m'malire chimalandira wa anthu a mbali imodzi n'kumabaya a mbali ziwiri, chinzake cha kutsidya chikuoneka ngati chalephera ntchito. Palibe chimene chingaletse maboma oyandikana, Angónia ndi Dedza, Tsangano ndi Ntcheu, Moatize ndi Mwanza, kuti azionetsana mabuku a sikelo nthawi ndi nthawi, ndi kuti namwino wa mbali iyi aphunzire kuwerenga khadi la mbali iyo. Zimenezi sizifuna dola ya munthu.

Zotsalazo ndi za pamatebulo akuluakulu, ndipo kumeneko mbiri yake siyolimbitsa mtima. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kupulumutsa anthu ku America ndi ku Ulaya mu 1996. Kuno tidapitiriza kuika abale m'manda, mtengo uli pa madola oposa 10,000 pachaka, mpaka kampani ya Cipla ya ku India itanena mu 2001 kuti ingagulitse pa madola 350. Mu Okutobala 2020 India ndi South Africa adapempha bungwe la zamalonda la WTO kuti malamulo oteteza eni luso aimitsidwe kaye pa nthawi ya mliri. Yankho lidabwera mu Juni 2022, lodulidwadulidwa, katemera atayamba kale kusefukira m'nkhokwe. Ndipo akatswiri a ku Botswana ndi South Africa atatulukira Omicron, mtundu watsopano wa Covid-19, mu Novembala 2021 n'kuuza dziko mwachangu, zikomo wake adali kutsekeredwa ndege, Mozambique ndi Malawi yomwe. Uthenga wa kachilombo amaufuna tsiku lomwelo. Katemera wopangidwa ndi uthengawo ndiye tizidikira.

Mgwirizano wa za miliri umene maiko a mu WHO adavomereza pa 20 Meyi 2025 ukuyesa kukonza zimenezi. Ukunena kuti makampani olowa nawo azipatula 20 pa 100 ya zimene akupanga pa nthawi ya mliri, theka lake laulere, lotsalalo pamtengo wofikirika. Gawo limodzi mwa magawo asanu nlochepa kwa anthu ochuluka chonchi, America sidalowemo, ndipo tsatanetsatane wa kagawidweko adamusiya kuti akambiranebe. Komabe nkwabwino kuposa kupemphetsa, chifukwa gawolo liyenera kumatuluka nthawi yomweyo pamene fakitale ikupanga, olemera asanakhute.

Njira yokhalitsa ndi kupanga tokha, ndipo aliyense akamva zimenezi amaomba m'manja. Africa imagula kunja pafupifupi 99 pa 100 ya katemera amene imagwiritsa ntchito, ndipo African Union idaika cholinga choti pofika 2040 tizipanga 60 pa 100. Koma taonani zimene zidagwera Aspen ya ku Gqeberha ku South Africa. Mu 2021 inkathira m'mabotolo katemera wa Johnson & Johnson, wina mwa ameneyo n'kumakwera ndege kupita ku Ulaya, Africa ili pamzere. Kenaka idapeza chilolezo chomugulitsa m'dzina lakelake, Aspenovax, ndipo mu 2022 idalengeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe waitanitsa. Maboma athu anali atayamba kulandira zaulere, ogula akuluakulu anali ndi mapangano awo kale. Fakitale singakhale chiimire kudikira mliri. Imafuna maoda a chaka ndi chaka, a chikuku, a kolera, a kafumbata. Katemera wa ku Dakar kapena ku Cape Town poyamba adzadula kuposa wa ku India, ndipo nduna ya zachuma idzakhala ndi chifukwa chomveka chosankhira wotchipayo. Ine ndikuti tizigula wodulayo ndithu, gawo lina lake, chifukwa tsiku limene India idzatsekenso chipata kusiyana kwa mtengoko kudzaoneka kochepa. Gavi idakhazikitsa mu Juni 2024 thumba la madola ofika 1.2 biliyoni lothandizira opanga a mu Africa, koma popanda maboma athu kuitanitsa, za Aspen zidzachitikanso.

Nthawi yodalira ena nayo ikutha tikuona. Mu 2025 America idatseka USAID, bungwe lake lothandiza maiko akunja, ndipo mu Juni chaka chomwecho idalengeza kuti yasiya kupereka ndalama ku Gavi. Msonkhano wosonkhera ndalama za Gavi ku Brussels umene unkafuna madola 11.9 biliyoni udapeza 9 biliyoni ndi kanthu. Katemera wambiri amene mwana wa ku Dómuè amalandira asanakwanitse chaka amagulidwa ndi thandizo la Gavi, boma lathu n'kuikapo kagawo kochepa. Kagawo kameneko kadzakula, tifune tisafune. Aphungu a Tete ku Assembleia da República, ikafika nthawi ya bajeti, afunse mosapita m'mbali: ndalama zogulira katemera n'zingati, za mafuta a mabrigada ndi zokonzera mafiriji n'zingati, ndipo za chaka chatha zidafika m'maboma mwezi uti.